MOMWE UTHENGA UMAGONJETSERA PHOKOSO PANJIRA

Masiku ano mwana wogwira ntchito ku Johannesburg amalankhula ndi amayi ake ali kumudzi ku Dedza monga ngati akhala pamkeka umodzi. Mlimi amalandira ndalama za mbewu zake pa lamya ya m'manja, osakwera basi kupita kubanki. Taziwona zimenezi kawirikawiri mpaka taleka kuzizwa nazo. Koma taganizani, awerengi: nambala imodzi yokha itasinthika panjira, K5,000 nkusanduka K9,000, kapena ndalama za mwana wasukulu nkugwera pa lamya ya mlendo, kodi ndani akadakhulupiriranso makina amenewa? Uthenga umadutsa m'mphepo, m'mvula ndi m'ziphaliwali, komabe umafika wathunthu. Zimenezi sizinangochitika mwamwayi. Ndi chipatso cha kafukufuku amene akatswiri a masamu ndi a zamagetsi akhala akuchita kwa zaka zoposa 150, polimbana ndi mdani mmodzi amene iwo amamutcha phokoso.

KUKUWA SIKUNATHANDIZE

Akulu amene ankamvera wailesi za kale akumbukira momwe mawu ankatsikira ndi kukwera usiku, nthawi zina nkumira m'kusokosera. Kwa akatswiri, phokoso ndi chilichonse chimene chimalowerera uthenga panjira. Lina limachokera ku ziphaliwali, lina ku makina oyandikana nawo. Koma lilipo lina losathawika, pakuti limabadwira m'nthambo momwemo. Mu 1928 John Johnson ndi Harry Nyquist a ku Bell Laboratories ku America anafotokoza kuti kutentha kumagwedeza tinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi m'chitsulo chilichonse, ndipo kugwedezeka kumeneko kumamveka ngati kusokosera. Palibe nthambo yopanda phokoso pansi pano.

Anthu anayamba kulawa kuwawa kwa vuto lotumiza uthenga kutali mu 1858, pamene anayala nthambo yoyamba ya telegalamu pansi pa nyanja ya Atlantic, kuchokera ku Ireland kufika ku Newfoundland. Uthenga wa mawu 98 wa Mfumukazi Victoria wopita kwa Pulezidenti James Buchanan unatenga maola pafupifupi 16 kuti uwoloke, chifukwa zizindikiro zinkafika zofooka ndi zolowana. Mkulu woyang'anira zamagetsi, Wildman Whitehouse, anaganiza kuti mankhwala ake ndiwo kuwonjezera mphamvu. Anathira magetsi a mavoti pafupifupi 2,000 m'nthambo imene inali yofooka kale, ndipo mwezi usanathe nthamboyo inaferatu. William Thomson, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Lord Kelvin, anali ndi nzeru ina. Iye anapanga chipangizo chokhala ndi kagalasi kakang'ono kamene kankagwedezeka ngakhale ndi magetsi ochepetsetsa, nkumaponya kuwala pa chikhoma. Iye anaona kuti chofunika ndi khutu lakuthwa kumbali yolandira. Nthambo yokhalitsa inayalidwa mu 1866.

MAWU ASANDUKA MANAMBALA

Lamya itabwera, vuto linaonekera mwa njira ina. Liwu likamayenda mtunda wautali m'nthambo limafooka, kotero anaika makina olikweza m'malo osiyanasiyana panjira. Tsoka lake makinawo sankatha kusiyanitsa liwu ndi phokoso. Ankakweza zonse pamodzi. Zinali ngati mwana wokopera zolemba m'kope la mnzake, amene nayenso anakopera kwa wina: aliyense amasunga zolakwa za mnzake nawonjezerapo zake.

Mu 1937 Mngelezi wina, Alec Reeves, akugwira ntchito ku Paris, anapeza njira yotulukira. Liwu ndi funde lokwera ndi kutsika. M'malo motumiza funde lenilenilo, iye anati tiziyeza msinkhu wake pafupipafupi ndi kutumiza manambala a miyesoyo. Pa lamya za nthambo, liwu limayezedwa ka 8,000 pa sekondi imodzi. Muyeso uliwonse umapatsidwa nambala imodzi mwa manambala 256, ndipo nambalayo imalembedwa ndi zizindikiro 8 za mitundu iwiri yokha, 0 ndi 1. Chizindikiro chimodzi chotere chimatchedwa biti. Motero sekondi imodzi ya kulankhula imasanduka mabiti 64,000.

Phindu lake ndi ili: makina a panjira safunikanso kukopera funde lonse ndi litsiro lake lomwe. Amangofunsa funso limodzi, "Kodi ichi ndi 0 kapena 1?" Akayankha, amatumiza 0 kapena 1 watsopano, woyera. Nzeru ya Reeves inatsogolera makina a m'nthawi yake, ndipo makampani a lamya ku America anayamba kuigwiritsa ntchito mofala mu 1962. Komabe phokoso likakula kwambiri, 0 angathe kuoneka ngati 1. Nanga pamenepo nkutani?

MNYAMATA WA LAMYA YA PAMPANDA

Yankho linachokera kwa Claude Shannon, amene anabadwa mu 1916 m'chigawo cha Michigan ku America. Ali mnyamata analumikiza nyumba ya kwawo ndi ya mnzake pogwiritsa ntchito waya wa minga wa pampanda, nkumatumizirana telegalamu. Atakula anaphunzira masamu ndi zamagetsi, ndipo mu 1948, akugwira ntchito ku Bell Laboratories, anasindikiza nkhani yotchedwa A Mathematical Theory of Communication.

Kufikira nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti wofuna kuchepetsa zolakwa ayenera kuwonjezera mphamvu kapena kutumiza pang'onopang'ono kwambiri. Shannon anasonyeza ndi masamu kuti njira iliyonse yotumizira uthenga, kaya nthambo kaya mphepo, ili ndi mlingo wake wa mabiti amene ingathe kunyamula pa sekondi. Mlingowo umadalira kukula kwa njirayo ndiponso mphamvu ya uthenga poyerekeza ndi mphamvu ya phokoso. Ndi monga bwato pa nyanja: mukalidzaza kupitirira muyeso wake limamira, ngakhale wopalasa akhale katswiri wotani. Koma mukakhala pansi pa mlingowo, anatero Shannon, ilipo njira yolukira uthenga kotero kuti zolakwa zichepe kufikira pamene mufuna, phokoso lili pomwepo. Chodabwitsa nchakuti iye anatsimikiza kuti njira zoterezi zilipo, koma sanasonyeze kapangidwe kake. Ntchito imeneyo anaisiyira ena, ndipo inawadyera zaka zambiri.

MASEWERA A ZITSEKERERO ZA MABOTOLO

Njira yapafupi ndiyo kubwereza. Mukafuna kutumiza 1, tumizani 111. Wolandira akaona 101 adziwa kuti awiri aposa mmodzi. Koma kuteroko nkulipira katatu pa katundu mmodzi. Richard Hamming, mnzake wa Shannon ku Bell Laboratories, anafuna njira yotsika mtengo. Iye ankasiyira makina owerengera ntchito Lachisanu madzulo, nkupeza Lolemba kuti makinawo anaona cholakwa chimodzi naleka ntchito yonse. Anadzifunsa kuti ngati makina angathe kudziwa kuti palakwika, alekeranji kupeza pamene palakwikapo ndi kukonza? Mu 1950 anasindikiza njira yake: pa mabiti 4 a uthenga amawonjezera mabiti 3 olondera, ndipo biti imodzi ikatembenuka pakati pa 7 amenewa, wolandira amaipeza naikonza yekha.

Mungathe kuona nzeru yofanana nayo pakhomo panu madzulo ano. Tolani zitsekerero za mabotolo 35. Yalani 25 m'mizere 5, mzere uliwonse zitsekerero 5, zina chagada zina chafufumimba, mosasankha. Chagada ndi 1, chafufumimba ndi 0. Tsono kumapeto kwa mzere uliwonse wopingasa ikani chitsekerero china, mochiika kotero kuti zagada za mumzeremo zikhale ziwiriziwiri popanda chotsala. Chitaninso chimodzimodzi pansi pa mzere uliwonse wotsika. Kenaka tembenukani, ndipo mwana atembenuze chimodzi mwa 25 zija inu osaona. Mukayang'ananso mudzapeza mzere umodzi wopingasa ndi umodzi wotsika muli chagada chopanda chinzake. Pamene mizere iwiriyo yakumana, pomwepo ndi pamene mwana wagwira. Ana adzayesa matsenga, koma ndi masamu chabe. Zitsekerero 10 zalondera 25, pamene kubwereza katatu kukadafuna zowonjezera 50. Masewerawa amakonza cholakwa chimodzi chokha. Njira za m'makina enieni zimakonza zambiri nthawi imodzi.

NG'OMA ZINADZIWA KALE

Nzeru yowonjezera mawu olondera siinayambire ku America. John Carrington, mmishonale wa mpingo wa Baptist amene anakhala zaka zambiri pakati pa anthu a mtundu wa Lokele m'mbali mwa mtsinje wa Congo, anasindikiza buku mu 1949 lofotokoza ng'oma zawo zolankhula. Ng'oma siingathe kutchula zilembo. Imangotsanzira kukwera ndi kutsika kwa liwu. Choncho mawu ambiri osiyana amamveka mofanana. Oyimba ng'oma anathetsa vutoli pophatikiza liwu lililonse ndi kachiganizo kodziwika kolifotokoza, kotero kuti womva kutsidya asasokonezeke. Ifenso m'Chichewa timadziwa zimenezi. Liwu loti mtengo likalembedwa lokha, simungadziwe ngati akunena wa m'nkhalango kapena wa pamsika, pakuti pepala silisonyeza kakwezedwe ka liwu. Mawu oyandikana nalo ndiwo amatiuza. Chimene akatswiri anachita ndicho kuyeza ndi masamu kuchuluka kwa mawu olondera ofunika, osaperewera ndiponso osawononga malo.

LIWU LOCHOKERA KUTALI KOPOSA

Mu 1960 Irving Reed ndi Gustave Solomon anapeza njira yokonza zolakwa zambiri zogundizana. Njira yawo ndiyo inachititsa kuti chimbale cha CD, chimene chinayamba kugulitsidwa mu 1982, chiziyimbabe ngakhale chitakandika pang'ono. Ilinso m'timabokosi ta madontho akuda ta QR, timene tina timawerengeka ngakhale gawo lofika 30 pa 100 litawonongeka.

Umboni waukulu koposa uli mumlengalenga. Pa 5 September 1977 bungwe la NASA linaulutsa chombo chopanda munthu chotchedwa Voyager 1. Wailesi yake ili ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 23, yosafika theka la babu la mawati 60. Pofika mu 2024 chombochi chinali pa mtunda woposa makilomita mabiliyoni 24, ndipo uthenga wake, ngakhale umathamanga pa liwiro la kuwala, unkatenga maola oposa 22 kuti ufike kuno. Umafika wofooka kwambiri kotero kuti amaumva ndi mbale zikuluzikulu za mamita 70 zimene zili ku California, kufupi ndi Madrid ndi kufupi ndi Canberra. Mu November 2023 chombocho chinayamba kutumiza zosamveka chifukwa kachipangizo kamodzi kosunga malangizo kanawonongeka. Akatswiri anasamutsira malangizowo pamalo ena m'kompyuta yake, funso lililonse nkumadikira yankho lake pafupifupi masiku awiri, ndipo mu April 2024 chinayambanso kumveka bwino. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanga mlingo wa Shannon uja, anaufika? Mu 1960 wophunzira wina wa ku MIT, Robert Gallager, analemba njira yamphamvu kwambiri, koma makompyuta a nthawiyo sakadatha kuisenza, ndipo inaiwalika kwa zaka zoposa 30. Mu 1993, patapita zaka 45 chilembere Shannon, Claude Berrou, Alain Glavieux ndi Punya Thitimajshima a ku Brest ku France anaonetsa njira yoyandikira kwambiri mlingowo, ndipo poyamba akatswiri ambiri anakayika, poyesa kuti alakwitsa powerengera. Pambuyo pake ena anafukula ntchito ya Gallager napeza kuti nayonso imayandikira chimodzimodzi. Lero njira yake ili mu Wi-Fi ndi mu lamya za 5G, pamodzi ndi ina imene Erdal Arıkan wa ku Turkey anasindikiza mu 2009. Mawu a akulu akoma akagonera.

KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA

Achinyamata, taonani kuti zida zazikulu za anthu onsewa zinali pensulo, pepala ndi masamu. Kuwerenga ziwiriziwiri kumene mwana amaphunzira m'makalasi oyamba ndiko maziko a njira ya Hamming. Algebra imene ambiri amaithawa ku sekondale ndiyo maziko a njira ya Reed ndi Solomon. Mukathawa masamu lero, mudzakhala ogula okha a zimene anzanu apanga. Maphunziro a zamagetsi ndi zamtokoma alipo kwathu konkuno, monga ku Malawi University of Business and Applied Sciences ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, koma khomo lake ndi masamu ndi sayansi.

Makolo, mwana akamasula wailesi yakufa kuti aone za m'kati, musafulumire kumukalipira. Mpatseni ndithu, ndipo mumfunse chimene wapeza. Musamuuze mwana wamkazi kuti masamu ndi a anyamata. Ndipo mukamatuma mwana kukanena za maliro, kapena mukamauzidwa kamwedwe ka mankhwala kuchipatala, kapena mukamapatsa munthu nambala yotumizirapo ndalama, uthengawo ubwerezedwe pamaso panu musanasiyane. Mawu ochepa owonjezerawo ndiwo alonda a uthenga wonse.