Mphatso ya mlendo wamphamvu mu Kado

Ambiri amafunsa chimene chimagawanitsa oonera katuni ya ku Japan ya Kado: The Right Answer, yomwe Toei Animation idatulutsa mu 2017. Ine ndikuona kuti nkhani yagona pa mphatso. Mlendo wochokera kunja kwa chilengedwe chathu, Yaha-kui zaShunina, amatera pa bwalo la ndege la Haneda n'kupatsa anthu Wam, kachipangizo kotulutsa magetsi osatha. Ena amati palibe choipa, poti magetsi otere angathetse umphawi. N'zoona, koma mlendoyo ndiye akusankha mphatso, nthawi ndi cholinga, ngati wakatapila wobisa chiwongoladzanja. Nthumwi Kojiro Shindo ingakambirane naye bwanji mofanana pomwe mbali imodzi yokha ndiyo ikudziwa zonse? Katuniyi njofunika kuionera, chifukwa imatiphunzitsa kufunsa cholinga cha wopereka tisanalandire thandizo lake.