Lamulo ligwire phokoso, pemphero lisiyeni

Ku England nyumba ya mapemphero imatha kukhala ndi nthawi yotsegulira ndi yotsekera ngati golosale. Mwina mukuseka, koma nzoona. Khonsolo ikamapereka chilolezo choti nyumba yakutiyakuti ikhale tchalitchi kapena mzikiti, kawirikawiri imalembanso maola: tinene kuti kutsegula 8 koloko m'mawa, ikamakwana 10 koloko usiku pachitseko pakhale loko. Opemphera akafuna kuonjezera maolawo, ayenera kubwereranso kukhonsolo kukapempha. Nkhaniyi ine ndimaitsatira chifukwa abale athu ena amene anapita ku London, Leicester ndi Manchester kukasaka ntchito ndi maphunziro akupemphera m'nyumba zoterezi.

Gwero lake ndi lamulo la 1947, limene linati munthu asamange kapena kusintha ntchito ya nyumba popanda chilolezo cha khonsolo. Lomwe likugwira ntchito lero ndi Town and Country Planning Act la 1990. Tsono taonani pamene pagona nkhani. Matchalitchi akalekale a Anglican ndi ena otero anamangidwa lamuloli lisanabadwe, choncho palibe anawalembera maola. Amene amakumana ndi loko ndi obwera dzulo, amene agula sitolo yakale, nyumba yosungiramo katundu kapena nyumba yogonamo n'kuisandutsa kachisi. Ambiri mwa iwo ndi Asilamu ndi mipingo ya Pentekoste ya anthu ochokera kuno ku Africa. Kafukufuku wa University of Roehampton m'chaka cha 2013 anapeza mipingo ya anthu akuda yokwana 240 m'dera limodzi lokha la Southwark ku London. Kalembera wa 2021 anawerenga Asilamu 3.9 miliyoni ku England ndi Wales. Anthu onsewa ayenera kupeza pogwada.

Vuto ndi loti khonsolo imayendera wotchi pamene swala imayendera dzuwa. Kuno kwathu zimenezi sitizimva kuwawa, poti ku Blantyre dzuwa limatuluka pakati pa 5 ndi 6 koloko pafupifupi chaka chonse. Ku London ndi nkhani ina. Mu December limatuluka cha m'ma 8 koloko n'kulowa 4 koloko isanakwane. Mu June limatuluka 5 koloko isanakwane n'kulowa 9 koloko usiku itapitirira. Ndiye kuti pemphero la m'bandakucha limagwa anthu onse ali mtulo tofa nato, ndipo lomaliza limagwa 10 koloko itadutsa. Mwezi wa Ramadan nawo umabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Mu 2016 unayamba kumayambiriro a June, ndipo mapemphero a usiku ankafika cha pakati pa usiku. Nanga mzikiti wolamulidwa kutseka 10 koloko utani? Akhristu a mapemphero ochezera, aja timati maovanaiti, nawo ali m'madzi omwewo.

Njira yopemphera ilipo, ndipo ndi yoonekera. Akuluakulu a mpingo kapena mzikiti amalemba pempho motsatira gawo 73 la lamulo la 1990, kuti mfundo ya maola isinthidwe. Khonsolo imalembera makalata oyandikana nawo kapena kumata chidziwitso pamtengo wa magetsi, ndipo anthu amapatsidwa masiku 21 kuti anene maganizo awo. Mwa lamulo yankho liyenera kutuluka m'masabata 8. Odandaula akachuluka, nkhani imakafika pa komiti ya makhansala, pomwe mbali iliyonse imapatsidwa mphindi zochepa, kawirikawiri zitatu, kuti ilankhule. Opempha akakanizidwa amatha kuchita apilo ku Planning Inspectorate pasanathe miyezi 6. Oyandikana nawo akagonja alibe apilo yotere, koma kukhoti basi, komwe kumafuna thumba lolemera.

Tisanamizane, oyandikana nawowo si onse ali ndi kaduka. Taganizani namwino amene wachezera kuchipatala, kapena dalaivala wa basi amene ayenera kudzuka 5 koloko. Misewu yambiri ya kumeneko ndi yopapatiza, nyumba zake zogundizana khoma ndi khoma. Galimoto makumi atatu zikafika 3 koloko usiku, zitseko phwaa phwaa, anthu n'kumalonjerana panja, ina yatseka geti la mwini, tulo tatha basi. Munthu wotere akadandaula sanalakwe. Chimene chimandisangalatsa ndi choti komiti imaloledwa kuyeza zinthu zogwirika zokha: phokoso, kuchuluka kwa galimoto, poimika galimotozo. Kalata yongoti "sitikufuna chipembedzo chimenechi kuno" siwerengedwa, ngakhale yoti mtengo wa nyumba yanga utsika. Zoona, alipo ochenjera amene amabisa chidani chawo kuseri kwa nkhani ya galimoto, komabe lamulo limawakakamiza kubweretsa umboni.

Tsono maganizo anga ndi awa. Kuletsa maola ndi kuotcha nyumba pofuna kupha khoswe. Chimene chimadzutsa munthu si pemphero ayi, ndi phokoso ndi galimoto. Anthu makumi awiri obwera wapansi m'bandakucha, kulowa mwakachetechete n'kutuluka patapita mphindi 20, sasokoneza aliyense. Koma anthu mazana awiri okhala ndi ng'oma, magitala ndi zimkuzamawu amatha kugwedeza msewu wonse ngakhale 3 koloko masana, nthawi imene chilolezo chikuwalola. Ndiye wotchi yateteza ndani?

Makhonsolo anzeru amagwira pamene pali chilonda. Amalola maola, koma n'kumanga mfundo zina: chimkuzamawu chisamveke panja, mazenera akhale otseka, usiku musapitirire chiwerengero chakuti, pakhomo paime anthu olondolera galimoto. Nthawi zina amapereka chilolezo chongoyesa, mwina cha miyezi 12, kuti aone ngati malonjezo asungidwa. Akasungidwa, chilolezo chimakhazikika. Akaswedwa, loko amabwerera. Ndiponso pali lamulo lina, Environmental Protection Act la 1990, lopatsa khonsolo mphamvu yoletsa phokoso losowetsa mtendere, kaya likuchokera kutchalitchi, kumzikiti kapena kumowa. Mkwapulo wa phokoso ulipo kale, palibe chifukwa chokwapulira pemphero.

Koma nanunso abusa ndi mashehe, pagule fumbi ndiwe mwini. Kuli ena amangoyamba kutsegula usiku osapempha, amvekere Mulungu ndi wamkulu kuposa khonsolo. Mapeto ake ndi kalata yoti mwaswa mfundo za chilolezo, ndipo mukapitiriza ndi khoti ndi chindapusa. Choipa kwambiri, mukadzapita kukapempha mwaulemu, mbiri ija imakhala itakutsogolerani kale. Kugogoda pazitseko za oyandikana nanu pempho lisanapite, kuwapatsa nambala yoimbira pakakhala chovuta, kuuza akhristu kapena Asilamu anu kuti macheza akachitire kunyumba, zonsezi sizilira ndalama. Walira mvula walira matope: wofuna maola ambiri asenzenso udindo wambiri.

Ena munena kuti za ku England zikutikhudza chiyani ife a ku Ndirande ndi ku Kawale. Zikutikhudza, chifukwa malamulo athu a mapulani a mizinda tinatengera komweko. Tinali ndi Town and Country Planning Act la 1988, kenaka Physical Planning Act la 2016. Kusiyana kwake ndi koti anzathuwo amakangana chilolezo chisanaperekedwe, pamene ife timatukwanizana chimkuzamawu chitakwezedwa kale pamtengo. Mwana wokonzekera mayeso a MSCE ndi mayi wolawirira kukaoda tomato amangodzigwira, kuopa kuti akadandaula anenedwa kuti ali ndi ziwanda.

Ufulu wopembedza ndi weniweni, ndipo palibe khansala woyenera kuuza munthu ola loyankhulira ndi Mulungu wake. Koma tulo ta mnansi natonso ndi ufulu. Bwalo labwino ndi lomwe limamva mbali zonse ziwiri, n'kutsegula chitseko cha kachisi, n'kutsitsa chimkuzamawu. Makhansala athu, mwamva?