Musathamangire kufufuta makalata a zinyalala

Mlamu wanga wina anatha masabata atatu akudikira yankho la ntchito. Tsiku lomwe anatsegula foda ya Spam pa imelo yake, anapeza kalata yomuitana ku intavyu ili pheee, tsiku lake litapita kale. Chonsecho m'bokosi la makalata abwino munali "mwana wa nduna" wofuna kugawana naye mamiliyoni a madola. Kunyumba kunavuta ndithu, mayi ankati bambo a ana anachita dala chifukwa cha ulesi.

Wolakwa anali sefa, ija imapatula makalata enieni ndi a akathyali. Koma sefa imeneyi sibadwa ndi nzeru, imachita kuphunzitsidwa, ndipo ambirife timaimana sukulu.

Mu 2002 katswiri wa makompyuta, Paul Graham, analemba nkhani ya mutu wakuti A Plan for Spam yomwe inatchukitsa njirayi. Masamu ake ndi a m'busa wa ku England, Thomas Bayes, omwe anasindikizidwa mu 1763 mwiniwake atamwalira kale. Mumapatsa kompyuta milu iwiri: wa makalata abwino ndi wa zinyalala. Iyo imawerenga kuti liwu lililonse likupezeka kangati uku, kangati uko. Ikaona kuti lottery ndi winner amakonda mulu wa zinyalala, kalata yatsopano yokhala ndi mawuwa imaikayikira pompo.

Ndiye mwaona, zinyalala zakale zija ndiye mabuku ake. Amene mumasunga nokha maimelo a kabizinesi kanu ndi pulogalamu ya SpamAssassin, pali lamulo lotchedwa sa-learn lomwe limawerenga foda yonse nthawi imodzi. Koma mbali yophunzirayi siyamba ntchito isanaone makalata oipa 200 ndi abwinonso 200. Mukaionetsa oipa okhaokha palibe chomwe mwachita.

Musanaipatse muluwo, petani kaye. Apa mpomwe mabanja amagwa nazo. Mwayambana ndi apongozi, basi makalata awo mwawakankhira ku Spam. Sefa sidziwa za mkwiyo wanu, ingophunzira kuti dzina limenelo ndi loipa, ndiye tsiku lina uthenga wa maliro nawonso udzalowera komweko. Ku mulu wabwino ikaninso makalata a Chichewa ochokera kwa abale. Sefa yowerenga mawu ikazolowera "muli bwanji" ndi "zikomo" kumbali yabwino, savutikanso kuwazindikira.

Nanga ife a Gmail ndi Yahoo pafoni? Masefa a masiku ano amayang'ananso komwe kalata yachokera, malinki ake ndi madandaulo a anthu ena, komabe chala chanu chili ndi mphamvu. Kalata yachinyengo ikalowa, dinani Report spam, osangofufuta. Yabwino ikasochera, dinani Not spam ndipo adiresi ya mwiniwake muisunge pamndandanda wa anthu anu.

Inu makolo amene mwatsegulira mwana imelo ya kusukulu, khalani naye pansi muchitire limodzi zimenezi, chifukwa makalata ena amabwera ndi zithunzi zolaula. Muuzeni asayankhe ngakhale potukwana, kuyankhako kumangowatsimikizira akathyaliwo kuti adiresiyo ili ndi mwini.

Gmail imafufuta yokha zonse za mu Spam pakatha masiku 30. Mlamu wanga uja tsopano amasuzumiramo Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, mayi ali pambali.