Nkhandwe Yaphedwa Pakhola: Nanga Mtembo Wake?

Nkhandwe imene yakhala ikutha nkhuku ndi ana a mbuzi ikaphedwa, pamudzi pamakhala chimwemwe. Ana amaikoka mchira, agalu amainunkhiza, wina n'kuyamba kunola mpeni kuti asende chikopa. Ngozi yaikulu imayambira pamenepo.

Nkhandwe ndi imodzi mwa nyama zofalitsa chiwewe, ndipo imene yalowa pamudzi masana mosaopa anthu ndiyo yokayikitsa koposa. Kachilombo ka matendawa kamakhala m'malovu ndi mu ubongo, ndipo kangalowe pa bala kapena m'maso mwa munthu ngakhale nyamayo itafa. Zizindikiro zikayamba, palibenso mankhwala ochiritsa. Si pachabe kuti Levitiko 11 imalamula wonyamula mtembo wa nyama yotere kuchapa zovala zake.

Choncho, alimi anzanga, mangani agalu ndipo ana atalikire. Musasende. Dziwitsani alangizi a ziweto, amene angafune mutu wake kuti akaupime, komanso a Department of National Parks and Wildlife, amene lamulo linawapatsa udindo woyang'anira nyama zakutchire. Akakulolani, kumbani dzenje lakuya mamita 2, kutali ndi chitsime kapena dambo. Kankhiranimo mtembowo ndi fosholo, kwirirani, ndi kusanjapo miyala kuti afisi asafukule.

Amene walumidwa kapena wakhudza malovu atsuke malowo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo. Mukatero, bwererani kukhola mukatseke mpata umene nkhandweyo inalowera, pakuti inzake ikudza.