Mvula Imagwa Yoyera: Amaidetsa Ndani?

Aliyense amene wayendapo m'mamawa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amaidziwa nkhungu imene imakuta mitunda m'nyengo ya mwera. Nkhungu imeneyi ndi madzi amene ali paulendo, ndipo ulendo wakewo umakhudza umoyo wa banja lililonse.

Dziko lapansi lakutidwa ndi mpweya wokhala m'magawo osanjikizana. Gawo lam'munsi, limene anthu amapumamo, limafika makilomita pafupifupi 16 m'mwamba m'maiko otentha monga Malawi. Pafupifupi nthunzi yonse ya madzi ili m'gawo limeneli, ndipo mitambo ndi mvula zimapangika momwemo. Pamwamba pake mpweya ndi wouma. Kumeneko ndiko kuli ozoni, amene amachepetsa ukali wa dzuwa.

M'gawo lam'munsili, kumwamba kumazizira kuposa pansi: kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7 pa kilomita iliyonse. Dzuwa likawomba pa nyanja ya Malawi, madzi ena amasanduka nthunzi. Mphepo imakankhira nthunziyo kumapiri, ndipo ikakwera phiri la Ntchisi, lotalika mamita oposa 1,600, imazizira n'kusanduka mitambo. N'chifukwa chake nkhalango ya paphiripo imakhala yobiriwira chaka chonse.

Komatu madzi oti munthu angamwe ndi ochepa. Madzi onse a dziko lapansi atathiridwa m'ndowa 100, ndowa 97 zingakhale za madzi amchere a m'nyanja zikuluzikulu, 2 za madzi oundana. Imodzi yotsalayo ndiyo ya pansi pa nthaka, m'nyanja zosakhala zamchere ndi m'mitsinje. Mumlengalenga muli kadontho chabe, ndipo nthunzi imakhalamo masiku ngati 9 isanagwenso.

Pokwera kumwamba, madzi amasiya litsiro pansi. Mvula siibwera ndi kolera kapena kamwazi kuchokera kumitambo. Imadetsedwa ikafika pansi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Zimene munthu wasiya patchire pamtunda, mvula imazikokolera kukasupe, kuchitsime, mpaka kumtsinje wa Bua kapena Lingadzi, kumene ena akutunga. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Choncho banja lililonse likhale ndi chimbudzi, chokumbidwa kumunsi kwa chitsime, pamtunda wosachepera mamita 30. Kasupe atchingidwe kuti ziweto zisapondemo, ndipo mitengo yomuzungulira isadulidwe, pakuti ndiyo imathandiza mvula kulowa m'nthaka. Wotunga madzi a padenga la malata ayambe wataya oyamba, chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. Madzi akumwa awiritsidwe kapena kuthiridwa klorini, asungidwe mumtsuko wovundikira, ndipo potunga pakhale chikho chimodzi chotsuka bwino.

Mvula isanayambe, mudzi uliwonse uonane ndi mlangizi wa zaumoyo kuti ayendere zitsime zake.