Musathamangile Kutaya Pulinta Imene Yaleka Kugwila Nchito

Alembi a parishi ndi a makopaletivu a alimi m'dela la Mfumu Mlolo ku Chadiza amaidziŵa nkhani iyi. Maina a olandila feteleza wa FISP kapena a ana okabatizidwa alembedwa kale m'kompyuta yakale ya mu ofesi, koma pulinta yakana kusindikiza. Ena amafulumila kunena kuti yafa, n'kuyamba kusonkhetsa anthu ndalama zokagulila ina ku Chipata.

Nthawi zambili pulintayo imakhala yabwinobwino. Cimene casoŵa ndi kapulogalamu kochedwa driver, kamene kali ngati womasulila pakati pa kompyuta ndi cipangizo ciliconse cimene mwalumikiza. Kakasoŵa, kapena mukaika ka mtundu wina wa pulinta, ziŵilizi sizimvana.

Coyamba, kopelani maina onse pa flash kuti asatayike. Ndiyeno yesani cingwe cina kapena kabowo kena ka USB. Zikakanika, tsegulani Control Panel, pitani pa System, kenako pa Device Manager. Cipangizo cimene cili ndi cizindikilo cacikasu ndico cimene kompyuta yalephela kucizindikila.

Lembani papepala dzina ndi nambala ya pulinta, komanso mtundu wa Windows yanu, ngati ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Munthu wopita ku boma kapena ku Chipata angakutengeleni driver yoyenela kucokela kwa kampani imene inapanga pulintayo. Flash ija muyambe mwaiyeza ngati ilibe mavailasi.

Vuto lina limabwela pamene ma driver aŵili akulimbilana cipangizo cimodzi, wa pulinta yakale ndi wa yatsopano. Cotsani wakaleyo, zimitsani kompyuta, muiyatsenso, ndipo muike watsopano musanalumikize cingwe. Zipangizo zina zonse muzilumikize cimodzicimodzi kuti muone cimene cikusokoneza.

Dziŵaninso kuti kampani ya Microsoft inaleka kusamalila Windows XP mu April 2014, Windows 7 mu January 2020, ndi Windows 10 mu October 2025. Mapulinta ambili atsopano alibe driver wa XP. Conco musanapeleke ndalama m'sitolo, ŵelengani pa katoni ngati Windows yanu yachulidwapo. Kompyuta ya XP ingathebe kulemba makalata ndi kusunga maina, koma musailumikize ku intaneti.

Ndalama za copeleka ndi za mamembala a kopaletivu zimacokela m'thukuta la kumunda. Komiti isavomeleze kugula pulinta ina mpaka mlembi atayesa zonsezi ndi kufotokoza pa msonkhano zimene wapeza.