Maliro a Mphaka m'Dziko la Egypt

Kuno kwathu kumeta ndi mwambo wa maliro a munthu. Koma m'dziko la Egypt, zaka zoposa 2,400 zapitazo, anthu anali kumeta cifukwa ca ciweto. Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece, anasimba kuti mphaka akafa, onse a pakhomopo anali kumeta nsidze. Akafa galu, anali kumeta mutu ndi thupi lonse.

Mtembo wa mphaka anali kuuumitsa ndi mankhwala, kuukulunga m'nsalu ndi kuuika m'manda, makamaka mu mzinda wa Bubastis, kumene kunali kacisi wa mulungu wamkazi Bastet. Thutmose, mwana wa mfumu Amenhotep III, anasemetsera mphaka wake bokosi la mwala. Mau olembedwa pabokosipo amaitana milungu kuti imsunge kutsidya kwa manda, monga momwe anali kupempherera anthu.

Komabe si amphaka onse amene anafa imfa yabwino. Akatswiri atayeza mitemboyi ndi makina a X-ray, anapeza kuti ambiri anali aang'ono, ena othyoledwa khosi. Anali kuwetedwa dala kuti agulitsidwe kwa obwera kudzapereka nsembe.

Cipongwe cacikulu cinadza pambuyo pake. M'caka ca 1888 mlimi wina anatulukira manda a amphaka ku Beni Hasan. Mu 1890 mitembo pafupifupi 180,000 inafika pa doko la Liverpool, kumene inagulitsidwa monga feteleza. Amene eni ake anawatumiza kwa milungu anathera m'minda ya ku England.